Kodi ndadwala, Amayi?

Linali Lachinayi la mwezi wa Meyi, dzuwa litapendekera ku Michiru, pamene Anabanda anafika pakhomo panga ku Chilomoni kudzatenga madiresi a chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo. Tinapangana madiresi 12 a nsalu imodzi, ndipo theka la ndalama anali atapereka kale milungu itatu m'mbuyomo. Pa chingwe cha m'chipinda chomwe ndimasokeramo panali madiresi 7 okha. Asanu otsalawo anali odula chabe, opindidwa pampando, lililonse ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Chinkhoswe chinali Loweruka.

Anabanda anawerenga ndi maso, kenaka anatembenukira kwa ine. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Pepani mayi, Tako anadwalikanso sabata ino. Masiku atatu tulo sindinatione."

Mkwiyo womwe unayamba kuoneka pankhope pawo unazimirira pomwepo. "Ayi, Amake Tako, musapepese. Mwana ndiye woyamba, madiresi si moyo. Ndidzabwera mawa usiku." Anamasula kachikwama, natulutsa K5,000, nandifumbatitsa m'manja. "Mumugulireko malalanje."

Takondwa sanadwale sabata imeneyo. Anali kuseri kwa katani, atagona chafufumimba pamphasa, akujambula mathiraki kumbuyo kwa kalendala yakale. Mlendo atangotuluka pageti, anasuzumira nandifunsa motsitsa mawu, "Amayi, kodi ndadwala?"

Funso limeneli lakhala likundisowetsa mtendere kufikira lero. Bodza lomwe ndinanena linali laling'ono, loti aliyense wochita geni akhoza kulimvetsa. Madiresi ndinamaliza Lachisanu usiku, chinkhoswe chinavinidwa, palibe amene anapita wosavala. Komabe ndikufuna kulifukula, pakuti pansi pake pali funso lomwe makolo ambiri osamala mwana wodwala, kwinaku akusaka ndalama pakhomo pomwepo, amakumana nalo: kodi matenda a mwana wako amakumasula mpaka pati ku zomwe unalonjeza anthu ena, nanga ndiwe wololedwa kuwagwiritsa ntchito mpaka pati?

Ndiyambe ndi matendawo. Takondwa anabadwa ndi nthenda ya magazi yotchedwa sickle cell. Timaselo tofiira ta m'magazi a munthu timakhala tozungulira ndi tofewa, ndipo timagwira ntchito masiku pafupifupi 120 tisanafe. Ta mwana wanga timapindika ngati zenga lomwetera udzu, timauma, ndipo timafa pakangopita masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake magazi ake amakhala ochepa nthawi zonse, maso ake amachita chikasu, ndipo satha kuthamanga nthawi yaitali ngati anzake. Nthawi zina timaselo topindikato timatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, magazi osadutsa bwino, ndiye ululu umayamba: m'mafupa a miyendo, kumsana, m'mimba, pachifuwa. Kuzizira kumauyambitsa, kuchepa kwa madzi m'thupi kumauyambitsa, malungo nawo ndiye osanena. Thupi likangotentha sitidikira kuti kuche, timanyamuka.

Manja ndi mapazi ake zitatupa koyamba, asanakwanitse n'chaka chomwe, akuchimuna anati ndi tsempho, ndipo maso onse anali pa ine ndi bambo ake. Patapita miyezi, ku Gulupu anatiyeza magazi natifotokozera kuti mwana amatenga nthendayi kwa makolo onse awiri, aliyense kupereka mbali yake, ndipo kuti pa mimba iliyonse ya anthu ngati ife mwayi woti mwana abadwe nayo ndi umodzi mwa inayi. Nkhani ya tsempho inazirala, koma ndinaphunzirapo kanthu: mwana akadwala, anthu sakhazikika mpaka atapeza chifukwa.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa chaka tchuthi chodwala cha milungu 4 ya malipiro onse ndi milungu 8 ya theka la malipiro pachaka, koma tchuthi chimenechi ndi cha wantchito akadwala iye mwini. Ine ndinali wathanzi. Wodwala anali mwana, ndipo kujomba kwanga kunafika poti ana a Fomu 4 anatha mwezi wathunthu osandiona. Ndinasiya ndekha asanandiuze. Ndalama zomaliza ndinagula makina opalasa ndi mapazi ogwiritsidwapo kale ntchito, sizasi, tepi yoyezera ndi simbi ya makala, ndinakumbukira zomwe anandiphunzitsa azakhali anga ndili mtsikana, basi ndinakhala telala. Bambo ake a Tako amayendetsa thiraki ya ku Beira, pakhomo amaoneka kawiri pamwezi. Ndinadziuza kuti geni ya pakhomo yathetsa vuto: ndalama ndizipeza, mwana ali pambali panga.

Chomwe sindinawerengere n'chakuti nyengo ya ndalama ndi nyengo ya matenda n'imodzi. Anthu akakolola ndi pamene zinkhoswe ndi maukwati zimachuluka, ndipo telala amapeza m'miyezi imeneyi ndalama zoti zimufikitse m'dzinja. Koma Juni ndi Julayi ndiyo miyezi ya chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu yochokera mbali ya ku Mozambique, pamene ku Blantyre kumazizira mpaka m'mafupa. Makasitomala akamagogoda kwambiri ndi pamenenso Tako amagwidwa kwambiri. Chipatala cha boma sichilipiritsa, koma galimoto ya usiku imalipiritsa, chakudya cha gadiyani n'chogula, ndipo masiku omwe makina ali chete palibe amene amandilipira.

Mbali yoyamba ya funso langa imaoneka yosavuta. Mwana akagwidwadi, palibe kholo limene limaima pakati n'kumayerekeza kulemera kwa diresi ndi kwa moyo. Umatseka chitseko n'kuthamanga. Mu Julayi 2023 tinagonekedwa masiku 9, Tako anawonjezeredwa magazi, ndipo ine foni ndinaithimitsa n'kuiponya m'chikwama. M'nyumba ndinatsekera nsalu ya mtsikana wina yemwe chinkhoswe chake chinali Loweruka la sabata yomweyo. Anabwera katatu n'kupeza loko pachitseko. Tsiku lake lalikulu anavala diresi lobwereka. Titatuluka m'chipatala sindinadziimbe mlandu ngakhale pang'ono, ndipo aliyense amene ndinamufotokozera anati ndinachita bwino.

Pano ndikuona kuti ndinalakwa pa chinthu chimodzi. Matenda anamanga manja anga kuti ndisasoke, koma sanamange chala changa kuti ndisalembe uthenga wa mawu khumi. M'masiku 9 amenewo munali maola ambiri omwe Tako anali mtulo, ine n'kumangoyang'ana denga. Ndikanatha kutumiza kiyi kwa aneba kuti mtsikanayo atenge nsalu yake apite nayo kwa telala wina. Sindinatero chifukwa m'maso mwanga iye anali atachepa. Chisoni chachikulu chili ndi khalidwe limeneli: chimachepetsa anthu ena onse mpaka kuoneka ngati nyerere zoyenda ndi timavuto tawo topanda pake. Komatu chinkhoswe munthu amavina kamodzi. Vuto lake linali laling'ono poyerekeza ndi langa, koma linali lake, ndipo nsalu inali yake. Choncho yankho langa pa mbali yoyambayi ndi ili: matenda a mwana amandimasula ku kusoka, koma sandimasula ku kunena, ndiponso sandipatsa katundu wa munthu.

Mbali yachiwiri ndiyo ya Lachinayi lija, ndipo kwa masiku angapo ndinadziikira kumbuyo ndi mfundo zitatu. Ndiziyala pano monga momwe zinkamvekera m'mutu mwanga, pakuti si mfundo zopusa.

Yoyamba inali yakuti atelala tonse timanama, ndipo makasitomala amadziwa. "Bwerani mawa" wa telala ndi nthabwala ya dziko lonse. Timati magetsi anazima, tinapita kumaliro, makina anathyola singano. Nawonso makasitomala amatinamiza: ukwati wa pa 20 amati uli pa 13 kuti tifulumire. Ndi bawo yomwe mbali zonse zimadziwa kachongedwe kake, ndiye bodza langa lasiyana pati? Ndinaganizira nthawi yaitali, ndipo ndinapeza kuti lasiyana apa: munthu ukamuuza za magetsi amatha kukuyankha. Amati makina anu ndi opalasa, magetsi akukhudzani bwanji? Amakalipa, amakudula mtengo, amatenga nsalu yake. Koma ukamuuza kuti mwana wadwala wamulanda zonsezi. Sangakalipe popanda kuoneka woipa mtima, ngakhale kwa iye mwini. Anabanda anali ndi ufulu wokwiya tsiku limenelo, ufulu woona, wogula ndi dipoziti yawo ndi milungu itatu yodikira. Ine ndinawalanda ufuluwo, n'kuwachititsa kuti apepese ndi iwo.

Mfundo yachiwiri inali yochenjera kuposa yoyamba: kuti kwenikweni sindinaname. Madiresi anachedwa chifukwa m'mwezi wa Meyi ndinalandira ntchito yoposa manja anga: madiresi 12 amenewa, mabulauzi a kwaya ina, mayunifolomu, ndi zokonza zing'onozing'ono. Ndinalandira zonsezi chifukwa choopa Juni. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mazipi, layining'i ndi minibasi ya ku Limbe zonse zinakwera, ndipo ndinkafuna kuti chiperoni chikamafika ndikhale ndi kangachepe pambali. Ndiye ukatsata muzu wa kuchedwako ukafika pa matenda a Tako ndithu. Kodi si zoona zimenezo?

Ndi zoona, koma si zimene ndinanena. Ndikanati, "Mayi, ndinalandira ntchito yambiri chifukwa ndikuopa miyezi yozizira ikubwerayi," ndikananena zoona, ndipo m'zoonazo ine ndikanakhalamo: munthu amene anatenga dipoziti akudziwa kuti manja ake ndi awiri okha. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinathamangira mapanga anayi. Mawu omwe ndinasankha ananditulutsa ine m'nkhaniyo n'kuikamo Tako. Mwa nkhani ziwiri zomwe zinali pafupi, ndinatola yomwe inali ndi mtengo wokwera pamsika wa chifundo, ndipo ndinaitola msanga chonchija chifukwa lilime langa linali litazolowera kuinena masiku omwe inali yoona.

Mfundo yachitatu inali yakuti palibe amene anapwetekeka. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri, pakuti opwetekeka ndawapeza awiri.

Woyamba si munthu mmodzi. M'wodi ya ana ndakhala pabenchi limodzi ndi amayi ambiri: wogwira ntchito m'nyumba amene akuwerenga masiku omwe wajomba, wogulitsa tomato amene wasiya benchi lake m'manja mwa mnzake, wa banki m'khonde amene tsiku lobweza ngongole lamupeza ali m'chipatala. Tonsefe timadalira chinthu chimodzi, kukhulupiriridwa. M'dziko lathu mawu akuti "mwana wadwala" amatsegula zitseko popanda chikalata. Kondakitala amakulola kukwera ndi ndalama yoperewera, alandilodi amadikira sabata ina, amayi a m'gulu amasuntha tsiku la ngongole, aneba amakuphikira ana otsala. Palibe inshulansi yomwe ambirife tili nayo kupatula imeneyi. Ndimaiona ngati nkhokwe ya mudzi wonse, yomwe aliyense amatapamo tsiku la njala yake. Pamene akulu amati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu, ndikuganiza kuti amanenanso za nkhokwe yotere. Wotapamo mwabodza sabera mwini mmodzi. Akachuluka otere, tsiku lina mayi amene mwana wake akubuuladi adzanena mawu omwewo n'kupeza nkhope youma. Ine, amene ndadya za m'nkhokwe imeneyi kuposa ambiri, ndinali womaliza woyenera kuiboola.

Wachiwiri ndi Takondwa. Poyamba ndinkaganiza kuti funso lake linali londidzudzula, monga mwana wogwira mkulu akunama. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankafunsadi. Mwana wa nthenda imeneyi amakula akudziwa kuti akuluakulu amaona matenda ake iye asanawamve. Ndimamutsegula chikope kuona ngati chayera, ndimamugwira pamimba, ndimamuyang'ana milomo, ndipo kangapo ndamunyamula kupita kuchipatala iye akuti ali bwino, n'kukapezekadi kuti magazi atsika. Anaphunzira kukhulupirira ine kuposa thupi lake. Ndiye atamva amayi ake akunena kuti wadwala, anayamba kudzifufuza. Tsiku limodzi mwa masiku ake ochepa abwino, ine ndinamubwezera pa mphasa ya odwala kuti ndibise manyazi anga.

Ndili pa sukulu ya zauphunzitsi ndinawerengapo za Immanuel Kant, woganiza wa ku Germany, amene m'chaka cha 1785 analemba kuti munthu asamatengedwe ngati chida chabe chopezera zofuna za wina, pakuti munthu aliyense ndi wofunika mwa iye yekha. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mawuwa akunena za eni akapolo ndi mabwana ankhanza. Sindinkadziwa kuti mayi akhoza kusandutsa chida mwana amene amamukonda kuposa moyo wake, ndiponso kuti chikondicho n'chimene chimamuphimba m'maso. Kant yemweyo, mu 1797, anafika ponena kuti sikoyenera kunama ngakhale kwa wakupha amene akufunsa komwe mnzako wabisala. Pamenepo ine sindimutsata. Bodza litakhala njira yokhayo yopezera mwana wanga magazi usiku wina, ndikhoza kunama, mlandu wake n'kuusenza. Koma la Lachinayi lija silinapulumutse mwana. Linapulumutsa nkhope yanga. Kunama pofuna kupulumutsa mwana ndi nkhani ina, kumunamizira ndi inanso, ndipo ine ndinamunamizira.

Chinenero chathu chili ndi liwu limodzi lomwe landithandiza kuona kukula kwa nkhaniyi, liwu lakuti chifukwa. Timaligwiritsa ntchito ponena gwero la chinthu: mvula yagwa chifukwa cha mitambo. Koma timaligwiritsanso ntchito ponena mlandu: kumupezera munthu zifukwa, kulanga wopanda chifukwa. Takondwa wakhala chifukwa kuyambira ali khanda. Ndi chifukwa chomwe ndinasiyira uphunzitsi, chifukwa chomwe bambo ake anasankhira maulendo aatali olipira bwino, chifukwa chomwe mlongo wake Chikondi anavalira nsapato imodzi zaka ziwiri, chifukwa chomwe sitinaberekenso. Zonsezi n'zoona, ndipo takhala tikuzinena iye ali pomwepo, kwa alendo, kwa abale, pafoni. Ife timatanthauza gwero. Koma mwana wa zaka 8 amene amamva tsiku ndi tsiku kuti ndiye chifukwa, ndani angamuletse kumva mlandu? Bodza langa linangowonjezera mlandu umodzi wabodza pamwamba pa mulu wa milandu yoona yomwe anali atasenza kale.

Ngakhale mawu achikondi amalemera chimodzimodzi. Nthawi zambiri madzulo, mwendo ukamamunyerenyetsa pang'ono, amandipempha kuti ndikhale naye pamphasa. Ine ndimayankha ndili chofulatira, mapazi akupalasabe, kuti, "Ndikusokera iwe, mwanawe, kuti tipeze ya mankhwala." Theka la mawu amenewa ndi loona. Theka linalo ndi lakuti ndimakonda kusoka. Phokoso la makina ndi malo okhawo omwe mutu wanga umapumulirako, pamene vuto lililonse lili ndi muyeso wake ndipo msoko wokhota umatheka kuphwasula n'kuyambiranso. Matenda a Tako saphwasulika. Kukonda ntchito yanga si tchimo, ndipo mayi wosamala wodwala zaka ndi zaka amafunika pothawira. Cholakwika ndi kumuuza mwana kuti ndamufulatira chifukwa cha iye mwini. Geni ya pakhomo ili ndi msampha umenewu: uli pamtunda wa mapazi atatu kuchokera pomwe mwana wagona, ndiye umadziuza kuti uli naye, pamene iye akungoona msana wako.

Tsiku lija, Tako atandifunsa, ndinamuyankha mwaukali kuti asamamvetsere nkhani za akuluakulu. Anabwerera kuseri kwa katani. Usiku, ndikupinda mipendero ya diresi lachisanu ndi chitatu, ndinamva akutembenuka pamphasa. Ndinasiya makina, ndinakakhala pambali pake.

"Tako, uli maso?"

"Eee."

"Sunadwale ayi. Uli bwinobwino. Amayi ako ananama. Madiresi achedwa chifukwa ine ndinalandira ntchito yambiri, iwe mulibemo."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye malalanje aja mugulabe?"

Ndinaseka misozi ili m'maso, koma funsolo linali lolondola, pakuti ndalamayo inali idakali m'thumba la epuloni yanga ndipo inkanditentha. Chinkhoswe chitapita, ndinaiika mu envulopu n'kupita kwa Anabanda. Bambo ake a Tako, nditawauza pafoni, anati ndikudziwotcha ndekha, nkhani inatha kale. Mwina ankanena zoona pang'ono, pakuti kuulula nako kumatha kukhala kudzikonda: umatula katundu wako pamutu pa wina kuti iwe upepukidwe. Koma ndinaona kuti munthu amene wapereka chifundo chake ali ndi ufulu wodziwa komwe chinapita.

Anandilandira pakhonde, nandipatsa mpando. Nditamaliza kufotokoza anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kumpanda.

"Amake Tako, mukudziwa kuti ine ndinaika m'manda mwana wa zaka 6?"

"Sindimadziwa, mayi."

"Usiku umene uja ndinagwada pansi kumupempherera mwana wanu. Ndinalira ngati ndi wanga uja." Anakankhira envulopu kwa ine. "Ndalamayi musabweze. Ndinapatsa mwana, sindinapatse inu. Koma mukanangonena kuti ntchito yakuchulukirani, ndikanakalipa, n'kuthera pomwepo."

Sanandinyoze, ndipo tikakumana panjira timapatsana moni. Koma nsalu yawo sinalowenso m'nyumba mwanga, ndipo mabulauzi oyera a amayi a Mvano omwe ankandibweretsera chaka ndi chaka anapita kwa telala wina. Inali ntchito yokwana lendi ya mwezi wathunthu. Sindinganene kuti kunena zoona kunandipindulitsa. Ndikanakhala chete, bwenzi pano ndikusokabe mabulauzi amenewo, ndipo Anabanda bwenzi akundiyesabe mayi wolimba mtima.

Sindikulemba izi kuti ndiweruze amayi anzanga. Ndikudziwa momwe mantha a mwezi wamawa amalankhulira, ndipo ndikudziwa kuti munthu wokhala ndi malipiro a pamwezi ndi tchuthi cholembedwa sangamvetse chifukwa chomwe timalandirira ntchito yoti sitingaimalize. Umphawi ndi umene unandikankhira pakona. Koma mawu omwe ndinanena ndili pakonapo ndinasankha ndekha, ndipo mbali imeneyo ndi yanga.

Zomwe ndasintha n'zochepa ndipo n'zosasangalatsa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ndimalandira theka la ntchito yomwe ndingathe, ngakhale mtima ukuwawa poona nsalu ikubwerera pageti. Dipoziti sindiikhudza mpaka nsalu nditaidula. Ndinapangana ndi Aphiri, telala wachikulire wosokera pakhonde la sitolo kumsika, kuti tikagonekedwa iwo amatenga ntchito zofulumira, malipiro ake n'kukhala awo. Ndipo kasitomala watsopano ndimamuuza tsiku loyamba, tisanayezane, kuti pakhomo pano pali mwana amene amadwala mwadzidzidzi, kuti zikatero ndidzamudziwitsa tsiku lomwelo, ndipo nsalu yake ikamalizidwa ndi manja ena. Ena amavomera, ena amapinda nsalu yawo n'kutsanzika, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ndisanayambe kuwauza zimenezi ndinaima kaye, pakuti nakonso kukhoza kukhala kugulitsa matenda a mwana m'njira yaulemu. Ndinafunsa mwini wake. Anaganiza ngati munthu wamkulu, kenaka anati, "Muziwauza, koma musamandiitane kuti adzandione." Sindinkadziwa kuti zimamuwawa. Zaka zonsezi ndinkamuitana kuti apereke moni kwa makasitomala, iwo n'kumamugwira pamutu akuti "kamwana kachisoni," ine n'kumati ndikumuphunzitsa ulemu. Pano alendo akabwera amakhala kuseri kwa katani ndi mathiraki ake, ndipo amatuluka akafuna yekha.

Julayi wa chaka chomwecho anafika ndi chiperoni chake. Usiku wina cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi kubuula komwe ndimakudziwa, ndipo pomwe kumacha tinali kale m'wodi, diripi ili pamkono. Atamubaya mankhwala opha ululu n'kugona, ndinakhala pabenchi n'kulemba mauthenga anayi. Ndinanena kuti mwana wagonekedwa, kuti kiyi ali kwa aneba, kuti Aphiri akudziwa kale, ndi kuti amene akufuna dipoziti yake ndimutumizira pafoni tsiku lomwelo. Atatu anayankha ndi mawu a chipepeso. Wachinayi analemba kuti, "Atelala simusowa chonena."

Mawuwo anandilasa, ndipo chala changa chinayamba kale kufunafuna kamera kuti ndimujambule Tako ali pabedi, diripi ikuoneka, ndimutumizire mayiyo achite manyazi. Ndinaibweza foni m'chikwama. Mayiyo anali atanamizidwapo ndi wina, mwina kangapo, ndipo ine ndinkadziwa bwino mtundu wa munthu amene anamunamizayo. Ndinamutumizira ndalama yake, ndinapepesa, nkhani inathera pomwepo.

Cha kumasana Tako anatsegula maso. Milomo yake inali youma. Anandiyang'ana, nayang'ana chikwama changa, nafunsa, "Amayi, nanga ntchito ija?"

"Ili kwa Aphiri," ndinatero, ndikumudzutsa mutu. "Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi makasitomala anga. Iwe imwa madzi."